Anselme Bégué Ndiye Ndani?

Namwino anasuzumiranso pakhomo la chipinda choperekera magazi n'kuyang'ana benchi yonse, kuyambira uku mpaka uko. Panali anthu awiri omwe aja, Solange ndi amayi ake, a Ginette, ndi dengu la buledi pakati pawo.

"Sanafikebe?"

"Ali m'njira," anatero Solange. "Mabasi a Lolemba amadzaza."

Namwino sanatsutse, ngakhale anali atamva kale za mabasi a Loweruka ndi a Lamlungu. Anangobwereza zimene dokotala ananena. Chilonda cha m'mimba mwa bambo ake a Solange chinali chikukhabe magazi, ndipo opaleshoni inayenera kuchitika mawa lake m'mawa. Koma magazi osungidwa anali atachepa, ndipo popanda anthu ena anayi oti apereke, dokotala sakanayerekeza kugwira mpeni. Solange anali atapereka kale ake. A Ginette anabwezedwa chifukwa cha matenda a shuga.

Namwino atachoka, a Ginette anavundukula kansalu pa dengu n'kukanikiza buledi mmodzi ndi chala. Anagulira opereka magazi kuti adzadye akatuluka, koma tsopano anali atauma gwa.

"Anthu ndi oipa, Ma," anatero Solange. "Nsomba zingati zimene Pa anapereka ulere m'tauni muja? Maliro angati amene ananyamula? Wailesi yalengeza kawiri konse, koma palibe ndi mmodzi yemwe."

"Mwina sanamve."

"Ku Mahébourg? Kumene munthu akayetsemula kudoko, a kumsika amamuuza kuti pepani?"

A Ginette anavundikiranso dengu lija. Iwowo uthenga wa pa wailesiwo sanaumve, chifukwa chiyambire matendawa ankakhala kuchipatala tsiku lonse n'kukagona kwa mwana wawoyu. Akanaumva, nkhani ino ikanathera pomwepa.

Kwathu kuno dzina la pa pepala ndi la wansembe ndi la boma. Munthu amayenda ndi dzina lina, limene anzake anamupachika ali mwana, ndipo ndi limenelo amafunsira nalo mbeta, kukalamba nalo, mpaka kulowa nalo m'manda. N'chifukwa chake a wailesi akamawerenga mauthenga a matenda ndi maliro amawonjezera kuti, "wodziwika kuti uje." Bambo ake a Solange anali a Dodo. Moyo wawo wonse ankagulitsa nsomba pa njinga, bokosi kumbuyo, lipenga la chigoba cha m'nyanja m'khosi. Anali ndi mphuno yokhota, mbuyo yotakata, ndipo akatsika pa njinga ankayenda mopendama ngati bwato lodzaza. Ngakhale akazi awo ankawatchula choncho, pa chikondi ndi pa mkangano pomwe.

Solange yekha ndiye sankalitchula. Kusukulu anzake ankamuti dzira la Dodo, ndipo analilirira dzinalo mpaka misozi kuuma. Atakula anapeza ntchito yolandira alendo pa hotela ina ya ku Blue Bay, ndipo tsoka lake, pambali pa tebulo lake panali shelefu ya timbalame tosema ta dodo, mbalame ya pachilumba pano imene inatha kalekale, toti alendo azigula. Mlendo aliyense ankati akanyamula kambalameko, ayambe kumuphunzitsa. Wa ku Portugal anamuuza kuti dzinalo linachokera kwawo, ku mawu akale otanthauza chitsiru, poti mbalameyo inkangoima n'kumayang'ana munthu wobwera ndi chibonga. Wa ku Holland anakana, ati analipereka ndi amalinyero akwawo poseka mbuyo yake yonenepa. Awa Solange ankangowamwetulira. Amene anamubaya pamtima anali mayi wina wa ku Mangalande, amene anamuuza akuseka kuti kwawo chinthu chikafa chosadzukanso amachiyerekeza ndi dodo.

Ndiye tsiku limene anapita kukapereka uthenga ku wailesi, mawu a mayi uja anali m'makutu mwake. Mlembi anafunsa, cholembera chili m'mwamba, "Dzina lodziwika nalo?"

"Alibe," anatero Solange. "Lembani Anselme Bégué basi."

Sikunali kunyada kokha ayi. Mwanayo anali ndi mantha. Munthu ali gone m'chipatala, iye n'kukamulengeza pachilumba chonse ndi dzina la mbalame imene inatha psiti? Anaona ngati kuitana imfa.

Nthawi yoona odwala itakwana, analowa muwodi. A Dodo anali atatha thupi, mphuno yokha ndiyo inatsala ya kale. Ndevu zoyera zinali zitamera paliponse, ndipo sankalola kuti wina awamete. Maso awo anadumpha mkazi ndi mwana n'kukaima pakhomo.

"Iqbal wabwera?"

"Lero ndi tsiku la msika, Pa. Mukudziwa mmene amatanganidwira."

"Nanga Premila?"

"Nayenso."

"Inde, msika," anatero a Dodo. Anatembenukira kukhoma. "Ginette, njinga ija isachite dzimbiri pakhonde. Mumupatse wina woti aziyendera."

A Ginette anawakalipira kuti asalankhule zopusa. Solange anatuluka osatsanzika. Chimene chinamuwawa sichinali chilonda cha m'mimba chija, chinali kuona bambo ake akukhulupirira kuti anzawo awataya. Anakwera basi ya ku Mahébourg mtima uli phuliphuli, akukonza m'mutu mawu oti akawalase nawo.

Msika wa Lolemba unali utagwira moto. Ogulitsa nsalu ankafuula, ogulitsa masamba ankawaza madzi pa ndiwo zawo, ndipo utsi wa mafuta unkachokera pakona pamene a Premila akhala akukazinga gato pima, tizitumbuwa tawo ta tsabola, chiyambire Solange asanabadwe. Pafupi pawo panali tebulo la nsomba la a Iqbal, mkulu wachisilamu wa ndevu zofiira amene anagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi ali mnyamata, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

A Premila ndiwo anayamba kumuona.

"Taonani abwera, dona wa kuhotela. Bwera udye, waonda ngati ndodo ya mbedza. Bambo ako akuti bwanji ku Rodrigues? Alongo awo awanenepetsa ndi nyama ya nkhumba mpaka aiwala kubwerera?"

Solange anaima chilili. Zinali zoona, bambo ake anatsanzika tauni yonse kuti akupita ku chilumba cha Rodrigues kukaona alongo awo. Anadzagona kwa iye kuti mawa lake awaperekeze ku sitima, ndipo ndi komweko anagwa, akusanza magazi. Koma mkwiyo umene anabwera nawo sunafune kubwerera wopanda ntchito.

"Musandiseke, Tantine," anatero, akuwatchula azakhali monga mwa ulemu wa kuno. "Pa ali m'chipatala, akufuna magazi, ndipo inu mukudziwa. Wailesi yanuyo simuizimitsa."

Chipande chinaima m'mafuta. A Iqbal anasiya nsomba imene ankapala n'kuyandikira, mamba ali m'manja.

"Dodo ali m'chipatala? Chiyambire liti?"

"Analengeza Lachisanu, analengezanso Loweruka."

"Mwana iwe, ine mauthenga sindiphonya," anatero a Premila. "Ndimamva kuti ndidziwe woti ndikamulire. Lachisanu kunali mayi wa ku Vacoas, kunali mwana wosowa ku Flacq, ndiye kunali bambo wina wofuna magazi, uje, Anselme chiyani kaya."

"Bégué."

"Eya, ameneyo. Ndinamumvera chisoni, ndinati mwina ndi kalaliki wopuma wa ku fakitale ya shuga. Ndinamupemphererako pang'ono."

"Ndi Pa amenewo."

A Premila anayang'ana a Iqbal, a Iqbal anayang'ana a Premila. Gato pima anayamba kupserera, ndipo panalibe amene anamusamala.

"Anselme," anatero a Iqbal pang'onopang'ono, ngati akulawa chakudya chachilendo. "Ndakhala naye pa benchi imodzi kusukulu, ndamuvuula m'madzi kawiri, ndinavina pa ukwati wake. Lero ndi pamene ndikumva kuti ndi Anselme. Nanga a wailesi anasiyiranji dzina lake lenileni?"

"Ndinawauza ndine kuti alisiye."

Manyazi anamugwira Solange mpaka m'makutu, koma anafotokoza zonse, za Mpwitikizi, za Mdatchi, ndi za mayi wa ku Mangalande. Anati sakanatha kuima pamaso pa dziko n'kutchula bambo ake chitsiru, kapena kuwatchula dzina la chinthu chakufa iwo akulimbana ndi moyo. Pomaliza anangopukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

A Premila anachotsa chiwaya pamoto n'kumukhazika pa kampando kawo.

"Ndiye azungu ako anakuuza kumene anatenga dzina la mbalame. Unawafunsa ndani kumene bambo ako anatenga lawo? Safunsa anadya phula, mwanawe. Mbalame sikulowapo n'komwe. Si paja mwana tikamamugoneka timati achite dodo? Bambo ako ankapita ku nyanja ndi agogo ako kusanache, akafika m'kalasi mutu pa desiki. Aphunzitsi ankati, musiyeni achite dodo, ndiye linakakamira."

"Bodza," anatero a Iqbal. "Iwe unali m'kalasi ya atsikana, unaona chiyani? Ndinamupatsa ndine dzina limenelo. Tinaona chithunzi cha mbalameyo m'buku, titacheuka n'kumuona iye akubwera, mayendedwe omwewo, mphuno yomweyo."

"Zaka zonsezi ukungodzitama ndi dzina la mwini."

"Ndipo ngati ndi za matanthauzo, nanenso ndayenda," anapitiriza a Iqbal, akuloza Solange ndi mpeni wopalira. "Ku Lagos tinaima mwezi wathunthu sitima itawonongeka. Kumeneko dodo ndi nthochi zokazinga, zotsekemera, zofiirira bwino. Ndinkadya mbale ziwiri pa tsiku n'kumakumbukira bambo ako. Bwanji sunasankhe tanthauzo limenelo? Pa matanthauzo onse a pa dziko, iwe n'kutola la maliro."

Solange anaseka mosafuna, misozi ili m'masaya.

"Aliyense ali ndi dodo wake," anatero a Premila, akumupukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari. "Ife wathu ndi uja amatisiyira nsomba pakhomo mwamuna akadwala. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndi dzina lomwe, mwanawe. Tsopano akufuna anthu angati?"

"Anayi. Lero lomwe, ofesi isanatseke."

Kubwerera ku wailesi kunali kutali, ndipo uthenga ukanawerengedwa mawa, nthawi itatha. A Iqbal anakhuthula bokosi la nsomba, analigadabuza pakati pa njira, kenako anapita kwa mnyamata wogulitsa nsalu n'kumulanda chimkuzamawu chake osapempha. Anachipereka kwa Solange.

"Kwera."

"Nenani ndinu, Bai Iqbal. Anthu amakudziwani."

"Amandidziwa, n'chifukwa chake. Ine ndikafuula aziti ndatsitsa mtengo wa nsomba. Mwana wake ndiwe."

Solange anakwera pa bokosi lonyowalo ndi nsapato zake za kuhotela. Kuntchito ankalankhula zilankhulo zitatu osaphethira, koma apa lilime linalemera. Anthu ankadutsa ndi madengu awo, ena kumuyang'ana, ambiri osamuona n'komwe.

"Bambo anga akudwala," anayamba. Chimkuzamawu chinalira, ndipo mayi wina anatseka makutu n'kupitirira. "Bambo anga ali m'chipatala, akufuna magazi."

"Bambo ako ndani?" anafunsa wogulitsa mavwende, osati mwachipongwe. Sankamudziwadi, poti mwanayo anachoka m'tauni kalekale.

Solange anayang'ana a Premila. Iwo anangopinda manja pachifuwa n'kudikira.

"Dodo," anatero. Dziko silinagwe, ndipo anabwereza mokweza. "Ndine mwana wa Dodo. Dodo wa nsomba sali ku Rodrigues, ali m'chipatala. Mawa akumuchita opaleshoni, koma magazi palibe. Dodo akufuna magazi."

Phokoso la msika silinathe nthawi imodzi. Linayamba kuzima pafupi ndi bokosilo, n'kumapita chakumbuyo, uku dzinalo likudumpha kuchoka pa tebulo kupita pa tebulo. Wogulitsa mavwende anaika mpeni pansi n'kuvula epuloni. Telala wina anatuluka m'kashopu kake tepi ili m'khosi. Asodzi atatu amene ankasewera domino pansi pa mtengo anasiya masewera pakati, chinthu chimene sichinaonekepo m'tauni muno. Mwana wa Mtchaina mwini sitolo anabwera akuthamanga kudzafunsa ngati magazi a munthu wodya nkhumba amaloledwa.

"Magazi alibe chipembedzo, kwera," anatero a Iqbal.

Chokwera chake chinali lole ya mlimi wina wa kabichi, amene anavomera asanapemphedwe n'komwe. Anthu anakhala pa matumba, ena anaimirira atagwira zitsulo. A Premila anasiyira chiwaya mdzukulu wawo, n'kunyamula gato pima yense amene anatsala, wopserera yemwe. Njira yonse ya m'minda ya nzimbe mkangano unali umodzi, woti anayambitsa dzinalo ndani. Pofika kuchipatala anali atapezeka anthu asanu olipereka, aliyense ndi nkhani yake, ndipo Solange anamvetsera zonse osatsutsa ndi imodzi yomwe.

Namwino uja atasuzumira pakhomo anabwerera m'mbuyo. Benchi inali itadzaza, ena atakhala pansi, ena ali pakhonde.

"Onsewa ndi a bambo Bégué?"

Anthu ankangoyang'anana.

"Ndi a Dodo," anatero Solange, ndipo manja onse anakwera m'mwamba.

Sikuti onse anapereka. Msodzi mmodzi anamubweza chifukwa mpweya wake unkanunkha mowa wa ramu, ngakhale analumbira kuti anangolawa. Telala anaona singano ya namwino n'kukomoka, munthu wogwira singano tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani imeneyo idzamutsata mpaka ku manda. A Premila anauzidwa kuti magazi awo ndi ochepa, ndipo anakwiya ngati awanena kuti sadziwa kuphika. Koma anayi aja anakwana msanga, n'kupitirira, mpaka namwino anayamba kupempha otsalawo kuti apereke ndithu, athandize odwala ena. A Ginette ankayenda pakati pawo ndi dengu lija, akugawa buledi wouma uku akulira, ndipo anthu ankamudya ngati keke.

Muwodi analola awiriawiri. A Iqbal analowa ndi Solange, thonje lili pa mkono, n'kuima kumapazi kwa bedi.

"Anselme," anatero. "Bwana Anselme Bégué. Munthu n'kukhala ndi dzina la bishopu chonchi, n'kutibisira zaka zonsezi."

A Dodo anatembenuka kuchoka kukhoma. Anayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali, kenako thonje lija.

"Wachedwa," anatero.

"Ndachedwa chifukwa unanama kuti uli ku Rodrigues. Tsopano mawa ulowa ndi magazi anga, ndiye usamale. Ukadzuka n'kuyamba kukana nkhumba, usadabwe."

A Dodo anaseka, kuseka kowawa kogwira pamimba, koma kunali kuseka ndithu. Anthu anapitiriza kulowa awiriawiri mpaka belu linalira, aliyense ndi chipongwe chake. Dokotala anadutsa, anayang'ana pepala la kumapazi, n'kunena kuti mawa m'mawa zonse zichitika monga anakonzera.

Onse atatuluka, Solange anatsalira kuti akonze pilo. Bambo ake anamugwira dzanja.

"Amayi ako akuti wailesi inalephera. Nanga anthu onsewa unawapeza bwanji?"

"Ndinakwera pa bokosi la nsomba pakati pa msika."

"Iweyo? Ndi nsapato zimenezo?" Anamuyang'ana kumapazi, kenako kumaso. "Unati chiyani?"

"Ndinati ndine mwana wa Dodo."

A Dodo ankadziwa bwino kuti mwana wawoyu dzinalo linkamuchititsa manyazi, ndipo zaka zonsezi sanamufunsepo, poti ankamukonda. Anamusisita dzanja ndi chala chawo chokhakhala, maso ali kudenga, mpaka mpweya unakhazikika. Kenako anadzigwira kuchibwano.

"Ndevu izi zafika poipa," anatero. "Sindingakaonekere kwa dokotala chonchi, ndanyamula magazi a tauni yonse. Kafunse namwino ngati ali ndi lezala."

Solange anapita kukabwereka lezala ndi kabeseni ka madzi ofunda, ndipo anawameta yekha.